ISTANBUL: MZINDA WA LUDZU PAKATI PA NYANJA

Makolo adasiya mawu akuti kufa ndi ludzu mwendo uli m'madzi. Mawuwa amanenera munthu amene avutika chithandizo chili pafupi, kaya chifukwa cha manyazi kaya cha kupusa. Koma ulipo mzinda wina umene mawu amenewa amauyenera popanda chitonzo chilichonse, pakuti udazingidwa ndi madzi mbali zitatu, chikhalirecho nkhawa yaikulu ya eni ake kwa zaka mazanamazana idali ya madzi akumwa. Mzindawo ndi Istanbul, m'dziko la Turkey, m'mene lero mukukhala anthu oposa 15 miliyoni. Alendo a mitundu yonse amakhamukira kumeneko chaka ndi chaka kukaona mizikiti, nyumba zachifumu ndi misika. Ambiri amabwerako ndi zithunzi zokongola, koma osadziwa chimene chidaika mzindawo pamalo pamenepo ndi chimene chidausunga wamoyo. Zonsezi mutu wake ndi madzi: amchere, amene adadzetsa chuma pamodzi ndi adani, ndiponso akumwa, amene ankachita kutengedwa kutali. Mlendo amene atsata madzi a mitundu iwiriyi sasochera, ndipo chilichonse chimene achiona chimayamba kumveka.

Poyambira ndi padoko

Mlendo wanzeru sayamba ndi kufola pamzere wa matikiti pakhomo pa nyumba zotchuka. Amatsikira kaye ku doko la Eminönü m'mamawa, n'kukwera imodzi mwa sitima za pamadzi zonyamula anthu opita ku ntchito. Mtengo wake ndi wochepa, ndipo amalipira ndi khadi lomwelo limene eni mudzi amakwerera basi. M'sitimamo mumagulitsidwa tiyi wopanda mkaka m'timatambula topyapyala m'chiuno, ndipo apaulendo amatafuna simit, buledi wozungulira ngati chibangili wowazidwa chitowe, nyenyeswa zake akuponyera mbalame zoyera zimene zimalondola sitima. Pakapita mphindi 20 zokha munthu uja watuluka mu Ulaya ndipo waponda mu Asia, koma akali mumzinda womwewo.

Paulendo waufupi umenewu mapu onse a mzindawo amaoneka poyera. Kumwera kuli nyanja ya Marmara. Kumpoto kwalowera Bosphorus, mpata wa madzi wotalika makilomita pafupifupi 30, umene umalumikiza Marmara ndi nyanja ya Black Sea, nulekanitsa Ulaya ndi Asia. Pamene wapanikizika kwambiri m'lifupi mwake ndi mamita 700 okha. Chakumadzulo kwalowa mkono wina wa nyanja wotchedwa Golden Horn, ndiko kunena nyanga ya golide, umene eni ake amati Haliç. Pakati pa Golden Horn ndi Marmara patuluka mtunda wooneka ngati lilime, ndipo pamenepo ndi pamene pali mzinda wakale. Chombo chachikulu chochokera ku madoko a Ukraine, Romania, Bulgaria, Georgia kapena kumwera kwa Russia, chofuna kufika ku nyanja ya Mediterranean, chiyenera kudutsa pakhomo pa mtunda umenewu.

Bosphorus si mtsinje, ngakhale madzi ake amathamanga ngati a mumtsinje. Pamwamba pamatsika madzi opepuka, a mchere wochepa, ochokera ku Black Sea, kumene mitsinje ikuluikulu monga Danube ndi Dnieper imathira; koma pansi pake madzi olemera, a mchere wambiri, amayenda chobwerera kumpoto. Asodzi akale ankadziwa zimenezi, pakuti akamiza chinthu cholemera pa chingwe chachitali, bwato lawo linkakokedwa molimbana ndi madzi a pamwamba. Mtaliyana wina, Luigi Marsigli, adafotokoza chifukwa chake m'kabuku kamene kadatuluka mu 1681. Iye adagawa bokosi pakati, mbali ina nathiramo madzi olemera ndi mchere, mbali ina opepuka, ndipo atatsegula zibowo pamwamba ndi pansi pa chotchingacho madziwo adapingasana. Mphunzitsi aliyense wa sayansi angaonetse zomwezo m'kalasi.

Agiriki ochokera ku Megara ndiwo adayamba mudzi pa lilime lija m'zaka za m'ma 600 Yesu asanabadwe, nautcha Byzantium. Anzawo adali atafika kale ndi kukhazikika tsidya la Asia, pa Chalcedon, pamene lero pali Kadıköy. Herodotus adasimba kuti mkulu wina wa asilikali a ku Persia, atamva zimenezi, adati anthu a ku Chalcedon ayenera kuti adali akhungu, popeza adasiya malo abwino koposa ali pamaso pawo. Komatu malo abwinowo adali ndi chilema chimene mkuluyo sadachitchule: padali kamtsinje kamodzi kokha, Lycus, kosatha kumwetsa mzinda waukulu.

Malinga, unyolo ndi zombo zoyenda pamtunda

Pa 11 May 330 mfumu ya Aroma, Constantine, idakhazikitsa likulu lake latsopano pamalo amenewa, ndipo mzinda udayamba kutchedwa Constantinople. Popeza nyanja idautchinjiriza mbali zitatu, adani a pamtunda adali ndi khomo limodzi lokha, la kumadzulo. Kumeneko, m'nthawi ya mfumu Theodosius wachiwiri, adamanga linga la makilomita pafupifupi 6, limene lidatha mu 413, ndipo pambuyo pake adaonjezapo linga lachiwiri ndi chidzenje kunja kwake. Kwa zaka zoposa 1,000 palibe gulu la nkhondo limene lidagumula malinga amenewa. Mbali yake yaikulu ikalipobe, kotero kuti mlendo wolimba miyendo angayende m'mbali mwake kuchokera ku Yedikule, pagombe la Marmara, mpaka ku Golden Horn. M'malo ena a chidzenje chija alimi amadzalamo ndiwo zamasamba.

Pofooka pa mzindawo padali pa Golden Horn, kumene malinga adali ochepa mphamvu. Kuti mlendo amvetse zimenezi ayenera kuwoloka mlatho wa Galata, pamene amuna amatandala ndi mbedza zawo tsiku lonse, ena kunsi kwake akugula buledi woikamo nsomba yootcha. Kenaka akwere chitunda mpaka pa nsanja ya Galata, imene amalonda a ku Genoa adamanga mu 1348. Ali pamwamba pake amaona pakamwa pa Golden Horn, pamene eni mzinda ankapingasa unyolo wachitsulo woyandama pa zipika, kutsekera zombo za adani. Zidutswa za unyolowo zikusungidwa m'nyumba zoonetseramo zakale za mumzindamo. Mu 1203 asilikali a Chikhristu a kumadzulo kwa Ulaya, amene adanyamuka kwawo ati kukamenyera Yerusalemu, adadula unyolowo. Chaka chotsatira adakwera malinga a kugombe kuchokera pa zombo za ku Venice, nafunkha mzinda wa Akhristu anzawo. Akavalo anayi amkuwa amene adalanda ali ku Venice mpaka lero.

Mu 1453 kudadza Mehmed wachiwiri, sultani wa ufumu wa Ottoman, mnyamata wa zaka 21. M'chaka cha 1452 iye adali atamanga linga la Rumeli Hisarı pamalo opanikizika a Bosphorus, kuti thandizo la ku Black Sea lisadutse. Mizinga yake idasinja malinga a kumtunda tsiku ndi tsiku, koma unyolo uja udakana kuduka. Tsono pa 22 April iye adalamula kuti zombo pafupifupi 70 zikokedwe pamtunda, pa mitengo yopakidwa mafuta, kuzungulira kuseri kwa chitunda cha Galata, ndipo eni mzinda adangoziona zili kale m'kati mwa Golden Horn. Asilikali ochepa amene adalipo adayenera kugawikana, ndipo pa 29 May, patapita masiku 53, mzinda udagwa. Mfumu yotsiriza, Constantine wa 11, idafera pankhondopo.

Nkhokwe za madzi pansi pa mzinda

Malinga angatchinge mdani, koma mzinda wozingidwa umagonja msanga ngati mitsuko ili youma. N'chifukwa chake mafumu a Constantinople adathera chuma chambiri pa ngalande. M'nthawi ya mfumu Valens, amene adalamulira kuyambira 364 mpaka 378, madzi adayamba kufika kuchokera ku akasupe a m'mapiri a Thrace, kumadzulo, ndipo pomalizira pake ngalandezo zidatalika kupitirira makilomita 250. Padalibe injini kapena pampu. Amisiri ankangotsetsereza ngalande pang'onopang'ono, kuboola mapiri ndi kumanga milatho pa zigwa, kuti madzi aziyenda okha. Umodzi wa milathoyo ukali chiimire pakati pa mzinda. Eni ake amautcha Bozdoğan Kemeri. Kutalika kwake ndi mamita oposa 900, msinkhu wake pafupifupi mamita 29, ndipo magalimoto a mumsewu waukulu wa Atatürk amadutsa m'mipata yake.

Madzi akafika ankasungidwa m'nkhokwe zokumbidwa pansi, zimene zidalipo zambirimbiri. Yaikulu mwa zofoleredwa ndi Yerebatan, yomangidwa ndi mfumu Justinian m'zaka za m'ma 530. Mlendo amatsika makwerero 52 n'kupezeka m'chipinda chachikulu chozizira, chotalika mamita pafupifupi 140, m'mene mizati 336, uliwonse wa mamita 9, yaima m'madzi m'mizere 12. Nkhokweyi inkatha kusunga malita 80 miliyoni. Mizati yambiri idazulidwa ku nyumba zakale, ndipo pangodya ina iwiri idakhazikidwa pa mitu yosema ya Medusa, mkazi wa m'nthano za Agiriki amene tsitsi lake lidali njoka. Mutu wina ndi wozondoka, wina wogona cham'mbali. Ufumu utasintha nkhokweyi idaiwalika, kufikira m'zaka za m'ma 1540, pamene Mfalansa wina wofufuza zakale, Pierre Gilles, adamva kuti anthu a m'deralo ankatunga madzi, ngakhale kugwira nsomba, pa zibowo za pansi pa nyumba zawo. Idatsegulidwa kwa alendo mu 1987.

Miyala yodza pa zombo

Potuluka m'nkhokwemo mlendo amangodumpha msewu n'kufika pa Hagia Sophia, dzina lotanthauza Nzeru Yoyera. Tchalitchi chimene chidali pamalopo chidapsa pa chipolowe cha mu 532, ndipo Justinian adalamula akatswiri awiri a masamu, Anthemius wa ku Tralles ndi Isidore wa ku Miletus, kuti amange china choposa zonse. Ntchito idatha mu 537, zisanakwane zaka 6. Denga lake lozungulira, looneka ngati chimphika chovundikira, ndi lotambalala mamita 31, ndipo nsonga yake ili mamita 55 kuchokera pansi. Loyamba lidagwa mu 558 litafooketsedwa ndi zivomezi, koma adalimanganso. Miyala yosalala yokongoletsa m'katimo idadza pa zombo: yoyera kuchokera ku chilumba china cha m'nyanja ya Marmara, yobiriwira ku Thessaly, yofiirira ku Igupto.

Nyumba imeneyi yatumikira eni ambiri. Idali tchalitchi kwa zaka zoposa 900, ndipo mu 1453 idasanduka mzikiti. Boma la Mustafa Kemal Atatürk lidaisandutsa nyumba yoonetseramo zakale, imene idatsegulidwa mu 1935, koma mu July 2020 idakhalanso mzikiti. Kusintha kotsirizaku kudakondweretsa Asilamu ambiri a m'dzikomo, kudadandaulitsanso atsogoleri a mipingo ya Chikhristu ndi bungwe la UNESCO, limene lidalemba mzinda wakalewu m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 1985. Kuyambira 2024 alendo ongodzaona amalipira ndipo amakwera pakhonde la m'mwamba, pansi n'kusiyira opemphera. Kumwambako kuli zithunzi za Yesu, Mariya ndi mafumu, zopangidwa ndi timiyala ndi timagalasi ta golide, pafupi ndi zimbale zikuluzikulu zolembedwa m'Chiarabu maina a Allah ndi Muhammad. Pa mwala wotchinga khondelo pali zilembo zimene munthu wina wa kumpoto kwa Ulaya adazokota, ndipo dzina lowerengeka ndi Halfdan. Anthu a mtundu wake ankafika kuno pa mabwato, potsata mitsinje ya kum'mawa kwa Ulaya ndi nyanja ya Black Sea.

Moyang'anizana ndi Hagia Sophia pali mzikiti wa Sultan Ahmed, umene udayambidwa mu 1609 nutsegulidwa mu 1617. Uli ndi nsanja zowonda 6, ndipo m'kati mwake mudamatidwa matailosi oposa 20,000 a ku İznik, ambiri a mtundu wa mtambo. N'chifukwa chake alendo amautcha Blue Mosque. M'mbali mwa khoma lake muli mzere wa mipope pamene opemphera amasamba m'manja, kumaso ndi kumapazi asanalowe. Mlendo amavula nsapato, amavala zobisa mawondo ndi mapewa, mkazi amafunda kumutu, ndipo pa nthawi ya mapemphero, makamaka Lachisanu masana, amadikira panja. Pabwalo la pafupi, pamene kale pankachitikira mipikisano ya magaleta a akavalo, paima chipilala cha mwala umodzi chimene Farao Thutmose wachitatu adaimika ku Karnak zaka pafupifupi 3,500 zapitazo. Chidatsika ndi mtsinje wa Nile, chidawoloka nyanja, ndipo chidaimikidwa pano mu 390.

Mmisiri amene adamwetsa mzinda

Mafumu a Ottoman sadakonde madzi ongokhala m'nkhokwe. Ankafuna oyenda, oyenera kusamba munthu asanapemphere. Anthu atachuluka m'nthawi ya Süleyman, amene adalamulira kuyambira 1520 mpaka 1566, ludzu lidabweranso, ndipo ntchito idaperekedwa kwa mmisiri wamkulu, Sinan. Kuyambira 1554, kwa zaka pafupifupi 10, iye adakonza ngalande zakale namanga milatho yatsopano kuchokera ku nkhalango ya Belgrad, kumpoto kwa mzinda. Ntchitoyi imatchedwa Kırkçeşme, kutanthauza akasupe 40. Sinan yemweyo ndiye adamanga mzikiti wa Süleymaniye pakati pa 1550 ndi 1557, pachitunda choyang'ana Golden Horn, pamodzi ndi sukulu, chipatala, nyumba yosambiramo ndi khitchini yodyetsa osauka. Adamwalira mu 1588, ndipo manda ake ochepa ali pangodya ya msewu, kunja kwa mpanda wa mzikitiwo. Polumikizana ndi mandawo pali kanyumba kamene odutsa ankalandirirapo madzi akumwa kwaulere.

Tinyumba totere, totchedwa sebil, pamodzi ndi mipope ya m'makoma yokongoletsedwa ndi malemba, zili ponseponse mumzinda wakale. Kupatsa munthu madzi kunkayesedwa ntchito yaikulu yachifundo, motero mafumu, akazi awo ndi anthu olemera ankapikisana pomanga. Kotchuka kwambiri ndi ka Ahmed wachitatu, ka mu 1728, kamene kali pachipata cha Topkapı, nyumba yachifumu imene masultani adakhalamo zaka pafupifupi 400. Yambiri mwa mipopeyi idauma, koma mwambo sudafe: eni masitolo amaika timbale ta madzi pakhomo kuti amphaka ndi agalu a mumsewu amwe. Wofuna kulawa ukhondo wa masiku amenewo apite ku hamam, nyumba yosambiramo, monga ya Çemberlitaş ya mu 1584, imene ikugwirabe ntchito. Amuna ali ndi mbali yawo, akazi yawonso. Munthu amagona pa chimwala chofunda mpaka thukuta litatuluka, kenaka wantchito amamukhula ndi kansalu kokhakhala, namutsira madzi ndi mbale.

Ndalama zosamalira zonsezi zinkachokera ku malonda. Mizikiti ikuluikulu idali ndi masitolo ake, ndipo lendi yake inkalipira aphunzitsi, ophika ndi osamala mipope. Motero chuma chodza ndi madzi amchere ndicho chinkagula madzi akumwa. Msika waukulu wofoleredwa, Kapalıçarşı, udayambidwa ndi Mehmed patangopita zaka zochepa atalanda mzinda, ndipo lero uli ndi timisewu pafupifupi 60 ndi masitolo pafupifupi 4,000 a golide, makapeti, zikopa ndi mbale. Pafupi ndi doko pali Mısır Çarşısı, msika wa Igupto, wa m'zaka za m'ma 1660, wonunkhira tsabola, sinamoni, khofi ndi zipatso zouma. M'misikayi mtengo woyamba si wotsiriza. Wogulitsa amaitana mwamuna kuti abi, ndiko kuti achimwene, mkazi kuti abla, ndiko kuti achemwali, namupatsa mpando ndi tiyi. Kumwa tiyiyo si ngongole, ndipo munthu angathokoze n'kuchoka mwaulemu osagula kanthu.

Khwalala la dziko lonse

Tsiku lina lathunthu liyenera kupatulidwa kuti mlendo akwere sitima yotsata Bosphorus yense, kuchokera ku Eminönü mpaka ku mudzi wa asodzi wa Anadolu Kavağı, pafupi ndi pakamwa pa Black Sea. Kumanzere amaona Dolmabahçe, nyumba yachifumu ya mu 1856, m'mene Atatürk adamwalirira pa 10 November 1938. Apo n'kuti likulu la dziko litasamukira kale ku Ankara mu 1923. Amadutsa kunsi kwa mlatho woyamba wokhazikika wolumikiza Ulaya ndi Asia, wa mu 1973, ndi wachiwiri wa mu 1988, umene uli pafupi ndi linga lija la Mehmed. Wachitatu, wa mu 2016, umaonekera kumpoto. M'magombe muli nyumba zakale zamatabwa zimene makhonde ake amakhudza madzi. M'miyezi ya August ndi September adokowe zikwizikwi amauluka pamwamba pa mpatawu paulendo wawo wa ku Africa.

Pakati pa zokongolazi pamadutsa zombo pafupifupi 40,000 pa chaka. Pangano la ku Montreux la mu 1936 lidapatsa Turkey ulamuliro wa mpatawu, koma lidati zombo zamalonda zizidutsa mwaufulu pa nthawi ya mtendere. Njirayi ndi yokhotakhota ndi yoopsa: mu 1979 chombo cha mafuta cha ku Romania, Independența, chidagundana ndi china pakhomo la kumwera, n'kuyaka kwa milungu ingapo. Kufunika kwa mpatawu kudaonekanso mu 2022, nkhondo ya Russia ndi Ukraine itatsekereza tirigu m'madoko, mtengo wa buledi n'kukwera mpaka m'maiko a mu Africa. Pa 22 July chaka chimenecho adasainirana pangano mu Istanbul momwemo, mothandizidwa ndi Turkey ndi United Nations, ndipo pofika July 2023, pamene panganolo lidatha, matani pafupifupi 33 miliyoni a zakudya adali atatuluka ku Ukraine kudzera pa Bosphorus.

Tsidya la Asia, ku Üsküdar, kuli chinyumba cha asilikali cha Selimiye, kumene Florence Nightingale adafika mu 1854 kudzasamala odwala ndi ovulala pa nkhondo ya ku Crimea. Ambiri ankafa ndi matenda a uve, osati mabala, ndipo imfa zidachepa mu 1855 akatswiri atatsuka ngalande za zonyansa ndi kukonza madzi akumwa. Kuchokera ku Üsküdar mlendo angabwerere pa sitima ya Marmaray, imene kuyambira 2013 imadutsa pansi pa nyanja, pakuya pa mamita pafupifupi 60. Pokumba siteshoni ya Yenikapı anthu adapeza doko lakale lokwiririka, zombo zomira 37, ndiponso manda ndi mapazi a anthu amene adakhalapo zaka 8,000 zapitazo. Ntchito ya njanji idachedwa zaka zingapo kuti zimenezi zipulumutsidwe.

Ludzu silidathe

Lero Istanbul amamwa madzi a m'madamu monga Ömerli ndi Terkos, ndiponso a mtsinje wa Melen, umene uli makilomita oposa 150 kum'mawa. Mvula ikavuta, nyuzipepala zimalengeza kawirikawiri kuchepa kwa madzi m'madamuwo. Madzi amchere nawonso adwala. Golden Horn adanunkha kwa zaka zambiri ndi zonyansa za m'mafakitale, kufikira pamene ntchito yomuyeretsa idayamba m'zaka za m'ma 1980. Ndipo mu 2021 nyanja ya Marmara idakutidwa ndi chinthu chonanda ngati mamina, chobadwa ndi zonyansa za m'mizinda ndi kufunda kwa madzi. Pansi pa nyanja yomweyo padutsa mng'alu wa nthaka umene umadzetsa zivomezi. Cha pa 17 August 1999, ku İzmit, chidapha anthu oposa 17,000, ndipo akatswiri akhala akuchenjeza kuti Istanbul akonzekere china. Tsono zimene mlendo aona lero sizidadzisunge zokha. Zilipo chifukwa mbadwo uliwonse udazikonza, ndipo zidzakhalapo pokhapokha mbadwo uno utachitanso chimodzimodzi.

Nyengo yabwino yochezera mzindawu ndi April ndi May, kapena September ndi October, pamene kulibe kutentha kwambiri kapena chisanu. Masiku anayi ndi ochepa, koma akwanira kwa munthu wosathamanga, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Wodekhayo, madzulo a tsiku lake lotsiriza, amakhala pansi m'kanyumba ka khofi ku Üsküdar, dzuwa likulowa kuseri kwa nsanja za mizikiti tsidya la Ulaya. Pamodzi ndi kakapu ka khofi wowawa amamuikira tambula ya madzi ozizira, monga mwa mwambo wa kumeneko. Munthu amene watsika makwerero a Yerebatan, naima pamanda a Sinan, sangamwe madzi amenewo mopepuka. Amadziwa kuti kwa zaka zoposa 1,600 anthu akhala akukumba ngalande, kuboola mapiri ndi kumanga milatho, kuti okhala pakati pa nyanja zamchere asafe ndi ludzu.